Madzi saiwala khwawa: zomwe khonsolo imatanthauza ikamati ikukonzekera kusintha kwa nyengo

Dzinja likamayandikira, pali mawu amene amachuluka pa wailesi ndi m'misonkhano ya m'mawodi: kusintha kwa nyengo, pulani ya chitukuko, malo oopsa kumangapo, kukokoloka kwa magombe. Omalizawa ndiwo amaseketsa anthu kuno ku Chipata. Gombe lake liti? Zambia ilibe nyanja yamchere, ndipo munthu wa ku Kapata kuti akaone mafunde enieni ayenera kutuluka m'dziko muno mpaka kukafika kugombe la Mozambique. Ndiye ena amangoti izi n'zokopera m'mabuku a eni nyanja.

Kuseka sikoletsedwa. Koma amene anaonapo mtsinje wa Lunkhwakwa utakwiya mu Januwale, kapena chigwembe chikudya msewu wa m'komboni mpaka kufika pakhomo la munthu, akudziwa kuti madzi amadya nthaka kuno monga amadyera kunyanja. Mutu umene ukuwawa makhonsolo a m'mphepete mwa nyanja ndi womwewo uli ndi khonsolo ya Chipata, ya Mambwe kapena ya Petauke: anthu amange pati, asamange pati, ndipo madzi akabwera alipire ndani. Tiyeni tiwamasule mawuwa limodzilimodzi.

Gombe likamadyeka

Gombe lili ngati nkhokwe ya mchenga. Mafunde amatapamo tsiku ndi tsiku, mitsinje imabweretsa wina kudzathiramo. Wotapidwa ukachuluka kuposa wothiridwa, malire a madzi amasunthira kumtunda chaka ndi chaka, ndipo kumeneko ndiko kukokoloka kwa gombe. Damu likamangidwa pamtsinje, mchenga umatsakamira kumtunda. Anthu akamakumba mchenga womangira, kapena kudula mitengo ya mangrove imene imamera m'matope a m'mphepete mwa nyanja, nkhokwe ija imaphwa msanga. Pamwamba pa izi, nyanja zakwera ndi masentimita pafupifupi 20 kuchokera mu 1900, chifukwa madzi akatentha amafufuma, komanso madzi oundana a kumapiri ndi kumalekezero a dziko akusungunuka. Masentimita 20 ndi chikhatho chimodzi chotambasula. Pamalo athyathyathya chikhatho chimenecho chimalowa kutali.

Chitsanzo chapafupi ndi Beira, mzinda umene mbali zake zina zili pafupifupi mulingo umodzi ndi nyanja. Khonsolo ya kumeneko, pansi pa meya Daviz Simango, inakhala zaka ikukonza ngalande zikuluzikulu ndi kutsegulanso kamtsinje ka Chiveve kuti madzi a mvula azituluka. Usiku wa pa 14 Malichi 2019 namondwe Idai anafikabe n'kusasula madenga ambiri mumzindawo. Ngalande sizikanaletsa mphepo, koma m'madera amene zinakonzedwa madzi anaphwa msanga. Ndipo za Beira si za eni okha: katundu wathu wambiri, fetereza ndi mafuta, amadzera m'madoko a Beira ndi Nacala, ndipo njanji ya Chipata kupita ku Mchinji, yotsegulidwa mu 2010, cholinga chake chinali kutilumikiza ndi Nacala yemweyo.

Gombe lathu ife ndi Luangwa. Mtsinjewu ulibe damu lalikulu, ndipo m'chigwa umayenda mokhotakhota. Pokhota paliponse madzi amathamanga kunja kwa ngodya n'kumagumula khoma, pomwe mkati mwa ngodya amayenda pang'onopang'ono n'kusiya mchenga. Zaka zikapita mtsinje umadula njira yachidule, n'kusiya thamanda looneka ngati chikwakwa, momwe mvuu zimakonda kugona. Anthu a ku Mfuwe izi safunika kuuzidwa: mtengo umene unali patali ndi madzi uli mwana, ukukula umaupeza mizu ili lendelende pakhoma. Chimenechi si chilango, ndi khalidwe la mtsinje. Vuto limabwera pamene munda, sukulu kapena malo ogona alendo amangidwa poganiza kuti mtsinje udzakhala pomwe uli lero.

Kumtunda kuno: denga, phiri ndi chigwembe

Pa Chipata, Katete ndi Chadiza mdani si mafunde koma mvula yothamanga. Masamu ake ndi osavuta. Milimita imodzi ya mvula ikagwa pamalo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi imapanga lita imodzi ya madzi. Tsono tengani nyumba ya malata yotalika mamita 10 uku ndi 10 uku. Mvula ya mamilimita 50, imene imatha kugwa madzulo amodzi, itsitsa malita 5,000 padenga limenelo, ndiye kuti madiramu 25. Kale pamalopo panali udzu ndi mitengo, madzi ambiri ankalowa pansi. Lero madiramu onse 25 atsikira pabwalo lopondeka, akakumana ndi a nyumba yoyandikana, onse alowa m'kanjira kotsika phiri. Madzi akawirikiza liwiro kawiri, mphamvu yake imawirikiza kanayi. Kanjira kaja chaka choyamba ndi kamzere, chachitatu njinga sidutsa, chachisanu ndi chigwembe chomeza mbuzi.

Chipata anakhala m'mbale yozunguliridwa ndi mapiri monga Kanjala, ndipo mvula ya pachaka imakhala pafupifupi mamilimita 1,000, yambiri ikugwa pakati pa Novembala ndi Malichi. Makomboni monga Mchini, Nabvutika ndi Magazine anakula msanga kuposa mapulani a misewu ndi ngalande. Mitengo ya m'mapiri yapita kumakala, kunkhuni ndi kowotchera njerwa. Dothi lochoka kumeneko silisowa kopita: limakwirira ngalande za m'tauni, limadzaza madamu amene timamwa, lotsala limatsika mpaka ku Luangwa.

Nkhaniyi ili ndi mbiri, ndipo mbiriyo ndiyo imachititsa akuluakulu ena kukwinya nkhope akamva kuti boma labwera ndi pulani ya nthaka. Angoni atagonjetsedwa mu 1898, malo aakulu ozungulira Fort Jameson, dzina lakale la Chipata, anali m'manja mwa kampani ya North Charterland, ndipo azungu anatsegula minda ya fodya. Kuyambira mu 1913 anthu anakankhidwira m'malo opatulidwa. M'menemo munadzaza anthu ndi ng'ombe, minda inasiya kugonera, nthaka inayamba kuthawa. Boma la atsamunda linagula malo a kampaniyo mu 1941 n'kuyamba kusamutsa midzi, kwinaku likukakamiza anthu kuunda migula yotchinga madzi, wokana n'kulipitsidwa. Migulayo payokha inali nzeru yabwino. Chimene anthu anadana nacho n'chakuti amene anawapanikiza pamalo ochepa ndi yemweyo anabwera kudzawadzudzula kuti akuwononga nthaka. Wolemba pulani lero amalowa m'mudzi momwe chikumbukiro chimenechi sichinafe.

Nyengo ya lero ndi nyengo ya zaka

Mawu akuti nyengo timawagwiritsa ntchito pawiri, ndipo apa ndi pomwe ambiri timasokonezekera. Pali nyengo ya lero: kwacha bwanji, kugwa mvula kapena ayi. Pali nyengo ya zaka, chizolowezi cha dera chimene akatswiri amachiyeza pa zaka 30. Munthu wofatsa akhoza kupsa mtima tsiku limodzi, sitinena kuti wasintha. Akayamba kupsa mtima sabata iliyonse, pamenepo timati munthuyu si uja.

Chilala cha 1992 akuluakulu amachikumbukira, choncho chilala si chachilendo. Cha dzinja la 2023 mpaka 2024 chinabwera ndi El Niño, kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific kumene kumabwerabwera pakapita zaka zingapo ndipo nthawi zambiri kumachepetsa mvula kum'mwera kwa Africa. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa ngozi, ponena kuti mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a chimanga mwa 2.2 miliyoni odzalidwa anali atawonongeka, ndipo maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa. El Niño analipo kalekale mafakitale asanabwere. Chimene kutentha kwa dziko kukuchita ndi kuwonjezera moto pansi pa mphika wowira kale: mpweya wotentha umaumitsa nthaka msanga, komanso umanyamula chinyezi chambiri, mwakuti ikati igwe imagwa yambiri nthawi imodzi. N'chifukwa chake khonsolo imodzi imauzidwa kukonzekera ng'amba ndi kusefukira pamodzi, ndipo palibe kutsutsana pamenepo. Nthaka youma gwa, yopanda udzu, ndiyo imakokoloka kwambiri mvula yoyamba ikagwa.

Pali mawu ena amene mainjiniya amakonda: kusefukira kwa kamodzi pa zaka 50. Ambiri timamva ngati kukachitika chaka chino ndiye tapuma mpaka adzukulu. Ayi ndithu. Ikani nyemba 50 m'thumba, imodzi yokha yofiira. Chaka chilichonse pisani osayang'ana, tulutsani imodzi, kenako muibwezere. Yofiira ikhoza kutuluka zaka ziwiri zotsatizana. Munthu wokhala m'nyumba yake zaka 30 pamalo otere, mpata woti aione yofiirayo kamodzi kapena kuposa ndi pafupifupi 45 pa 100 aliwonse. Mlatho ndi ngalande zimayezedwa kukula kwake potengera masamu amenewa, ndipo masamuwo amachokera m'mabuku a mvula ya zaka zapitazo. Kusintha kwa nyengo kuli ngati munthu amene akuponya nyemba zina zofiira m'thumba muja mwakachetechete.

Mafuwa atatu a ngozi

Olemba mapulani amasiyanitsa mvula yamphamvu ndi ngozi. Mvula ikagwa m'thengo mopanda munthu, palibe amalira. Kuti mphika wa ngozi ukhazikike pamafunika mafuwa atatu. Loyamba ndi choopsacho: mvula, mphepo, chilala. Lachiwiri ndi kukhala panjira yake: nyumba m'dambo, msika m'khwawa. Lachitatu ndi kufooka: khoma la zidina zosawotcha, banja lopanda kothawira, nkhalamba yosatha kuthamanga usiku.

Fuwa loyamba khonsolo singalisunthe. Meya alibe mphamvu pa mitambo. Mphamvu zake zili pa awiri enawo, ndipo ntchito yonse ya mapulani ili pamenepo.

Achibale athu a ku Malawi anaona mafuwa onse atatu atakumana mu Malichi 2023, pamene namondwe Freddy anagwetsa mvula masiku angapo osalekeza. Matope ndi miyala zinatsika phiri la Soche ku Blantyre n'kukwirira nyumba za ku Chilobwe, ndipo m'dziko lonselo akufa ndi osowa anapitirira 1,000. Akale ankati Napolo wadutsa. Sindikunena kuti mapiri a Chipata ndi Soche. Miyala ndi kutsetsereka zimasiyana, ndipo anamondwe akafika kuno amakhala atafooka. Koma munthu amene anaona zithunzizo pa Facebook n'kukweza maso kuyang'ana nyumba zimene zikukwera mapiri athu sanalakwe kudzifunsa.

Pulani ija amaitchula kuti IDP

Integrated Development Plan, mwachidule IDP, ndi pulani yaikulu ya dera lonse la khonsolo, ya zaka 10, yosonyeza komwe kudzakhale nyumba, misika, minda, misewu, ngalande, ndi malo oyenera kusiyidwa osakhudzidwa. Imachokera m'lamulo la Urban and Regional Planning Act la 2015. Lamuloli lisanabwere panali malamulo awiri osayenderana: Town and Country Planning Act, lochokera m'nthawi ya atsamunda, limene linkayang'ana matauni okonzedwa bwino, ndi lamulo la 1974 la makomboni. Malo a mafumu, komwe kumakhala anthu ambiri a chigawo chino, anali kunja kwa zonsezi. La 2015 linati pulani ikhale imodzi, yokuta boma lonse, ndipo anthu afunsidwe isanavomerezedwe.

Kunena zoona, nzeruyi si yachilendo kwa Mchewa, Mngoni kapena Mnsenga. Mudzi uliwonse wakale unali ndi pulani, kungoti sinali papepala. Nyakwawa ndi akuluakulu ankadziwa kuti apa ndi pamanda, mitengo yake sidulidwa. Apa ndi dambwe. Uku ndi kodyetsera ng'ombe. Dambo ili ndi la madimba ndi zitsime, nyumba ayi. Mpaka lero mukamayenda pa Great East Road, kankhalango kobiriwira pakati pa minda yoyera nthawi zambiri ndi manda. IDP ikuyesa kuchita zomwezo, koma kwa anthu zikwi mazanamazana osadziwana, ena obwera dzulo, amene mawu a nyakwawa sawamanga.

Pulaniyi imayamba ndi kafukufuku: anthu alipo angati, adzakhala angati, madzi amadutsa pati, zigwembe zili kuti. Kenako pamabwera mapu a zofuna kuchita, pomaliza ndondomeko ya ntchito ndi ndalama zake. Mawu a anthu wamba amayenera kudzera m'makomiti a chitukuko a m'mawodi, amene lamulo la Local Government Act la 2019 linawakhazikitsa, kupita kwa khansala mpaka ku khonsolo. Apa ndiike ndemanga yanga pang'ono. Mayi amene wakhala m'mphepete mwa khwawa zaka 40 amadziwa pomwe madzi anafika chaka choipitsitsa, akhoza kukulozerani pakhoma. Chidziwitso chotere kompyuta ilibe. Msonkhano ukachitika m'Chingelezi, m'holo ya m'tauni, nthawi yopalira, mayiyo safikako, ndipo mapu amatuluka okongola koma osadziwa zimene iye akudziwa.

Khonsolo siili yokha m'bwaloli. Ngozi ikagwa, otsogolera ndi a DMMU, ofesi yoona za ngozi ya pansi pa Wachiwiri kwa Pulezidenti, motsatira lamulo la 2010. Mitsinje ndi madzi apansi ali m'manja mwa bungwe la WARMA, zachilengedwe kwa bungwe la ZEMA, onse awiri ochokera m'malamulo a 2011. Nkhalango zili ndi dipatimenti yake, misewu ikuluikulu ndi ya bungwe la RDA, zanyengo zili pansi pa unduna wa Green Economy and Environment umene unakhazikitsidwa mu 2021. Dontho limodzi la mvula lochoka pamwamba pa phiri kukafika ku mtsinje wa Lutembwe limadutsa m'manja mwa maofesi onsewa. Liwu loti Integrated likutanthauza kuwakhazika pamphasa imodzi, ndipo imeneyo ndi ntchito yovuta kuposa kujambula mapu.

Malowo ndi a yani?

Apa ndi pogona nkhani. Ku Zambia malo ali pawiri: a boma, amene munthu amatengera chikalata cha zaka mpaka 99, ndi a chikhalidwe, amene amayang'aniridwa ndi mafumu. Lamulo la Lands Act la 1995 limazindikira onse awiri, ndipo limalola kusandutsa a chikhalidwe kukhala a chikalata mfumu ndi khonsolo zikavomera. M'chigawo cha Kum'mawa malo ambiri ndi a chikhalidwe, pansi pa Kalonga Gawa Undi, Inkosi ya Makosi Mpezeni ndi mafumu ena. Chipata atakwezedwa kukhala mzinda mu Febuluwale 2017, mapuloti anakwera mtengo, ndipo tauni inapitiriza kutambalala kulowa m'midzi yozungulira.

Tiyerekeze motere. Bambo wina wagula puloti m'mbali mwa phiri kudzera kwa anyakwawa, walipira, mboni zilipo. Kwa iye zonse zili m'malo. Wamanga, madiramu 25 aja ayamba kutsika. Amene madzi akulowa m'nyumba mwake ndi mayi wa kumunsi, m'malire a khonsolo, amene amalipira msonkho wa nyumba chaka ndi chaka. Mayiyo akadandaula ku khonsolo, khonsolo ikuti kumtundako si ife tinagawa. Anyakwawa nawo akuti ine ndinapereka malo a makolo anga kwa munthu wosowa pogona, za ngalande ndi za boma. Palibe wanama pa atatuwa.

Lamulo la 2015 linayesa kutseka mpata umenewu polola khonsolo kupangana ndi mfumu mgwirizano wolembedwa wa kagwiritsidwe ntchito ka malo a chikhalidwe. Oukonda amati ndi njira yokhayo yosungira malo a misewu, masukulu ndi ngalande anthu asanadzaze. Okayikira, ena mwa iwo mafumu, amaopa kuti pulani ndi phazi loyamba, lachiwiri ndi chikalata, ndipo malo akangosanduka a chikalata sabwereranso ku ufumu. Poganizira mbiri ija ya North Charterland, manthawo sangatchedwe opanda pake. Komanso malire a maboma anasintha mu 2018 pamene Kasenengwa ndi Chipangali anadulidwa kuchoka ku Chipata, mwakuti mtsinje umodzi tsopano ukhoza kukhala ndi makhonsolo awiri kapena atatu, iliyonse ndi pulani yake.

Kutchinga, kuzolowera, kusamuka

Makhonsolo a kunyanja amati njira zilipo zitatu, ndipo zonse zili ndi zofanana nazo kuno.

Kutchinga ndiko kumanga cholimba: kunyanja khoma la simenti, kuno ngalande zowaka, miyala yomangidwa m'mawaya pakhoma la mtsinje, milatho yokwezeka. Anthu amakukonda chifukwa kumaoneka ndi maso, andale amakukonda chifukwa kuli ndi tsiku lotsegulira. Kuipa kwake, n'kodula, kumafuna kukonza chaka ndi chaka, ndiponso madzi otchingidwa apa amakalusira kwa mnansi wa kumunsi. Ngalande yowaka bwino imene yathera pakati pa komboni ndi fakitale ya zigwembe. Ndipo ngalande yodzaza mabotolo ndi mapepala apulasitiki ili ngati kulibe. Pamenepa okhalamo amaloza galimoto ya zinyalala yosabwera, a khonsolo amaloza otaya, ndipo madzi sadikira kuti mlanduwo uthe.

Kuzolowera ndiko kuvomera kuti madzi abwera, n'kuwachepetsa ukali. Maziko okwera, thanki yokolola madzi a padenga, udzu wa vetiva m'mizere, nsungwi m'mphepete mwa khwawa, dambo losiyidwa kuti lizimwa madzi ngati chinkhupule. Kumunda ndiye kwathu kuno kuli ukatswiri: ku malo ofufuzira za ulimi a Msekera anayesa kwa zaka zambiri mitengo yobwezeretsa chonde, a bungwe la COMACO afalitsa mtengo wa gliricidia pakati pa alimi ambirimbiri, ndipo msangu, umene umayoyola masamba m'dzinja n'kusiya chimanga chikuwombedwa dzuwa, makolo ankaudziwa kale. Lamulo la nkhalango la 2015 limalolanso mudzi kulembetsa nkhalango yake n'kumaiyang'anira wokha. Njirayi ndi yotsika mtengo koma yochedwa, ndipo imafuna kuti anthu ambiri achite chinthu chimodzi nthawi imodzi.

Kusamuka ndiko kowawa. Papepala n'kosavuta: chotsani nyumba m'khwawa. Koma munthu anamanga m'khwawamo chifukwa puloti yake ndi imene akanakwanitsa, ndipo ndi pafupi ndi msika pomwe amagulitsa tomato. Mukampatsa malo abwino makilomita 15 kunja kwa tauni, opanda madzi ndi sukulu, miyezi isanu ndi umodzi mudzampeza wabwerera, kapena wina walowa pamalo pake. Kuchigwa nkhani ndi yomweyo: nthaka ya m'mphepete mwa Luangwa ndi Lupande ndi yachonde chifukwa cha kusefukira komweko kumene kumawononga. N'chifukwa chake odziwa za mapulani amati nyumba yosavuta kuisamutsa ndi imene isanamangidwe.

Ndalama zichokera kuti?

Khonsolo imapeza ndalama ku misonkho ya nyumba, ziphaso za malonda, misika ndi masiteshoni, kuphatikiza thandizo lochokera ku Lusaka. M'makhonsolo ambiri zimenezi zimathera kumalipiro ndi ntchito za tsiku ndi tsiku. Chimene chasintha zinthu ndi CDF, thumba la chitukuko cha dera la phungu, limene linayamba mu 1995. Mu 2021 linali K1.6 miliyoni pa dera lililonse. Mu 2022 linalumpha kufika K25.7 miliyoni, mu 2023 K28.3 miliyoni, mu 2024 K30.6 miliyoni, ndipo mu 2025 K36.1 miliyoni. Gawo lalikulu limapita ku ntchito zosankhidwa ndi anthu, lina ku maphunziro a ana ndi ngongole za magulu, ndipo kagawo kochepa kamasungidwira ngozi zadzidzidzi.

Tsono pamsonkhano wa wodi, chipinda cha sukulu, nyumba ya amayi oyembekezera ndi ngalande zikaikidwa pamodzi, manja ambiri akwera pa ziwiri zoyambazo, ndipo ndani angawadzudzule? Phindu la ngalande ndi ngozi imene sinachitike, chinthu chosajambulika. Komanso CDF imagawidwa potsata madera a aphungu ndi mawodi, pamene madzi amatsata kutsetsereka. Wodi ya pamwamba ilibe chifukwa chowonongera ndalama zake poteteza wodi ya pansi.

Kunja kulinso ndalama. Pulojekiti ya Zambia Integrated Forest Landscape Project, yothandizidwa ndi World Bank, inagwira ntchito m'chigawo chino pa nkhalango, ulimi ndi mapulani a malo. Pali malonda a kaboni, pomwe midzi imalipidwa chifukwa chosunga mitengo, monga zikuchitikira m'chigwa cha Luangwa. Ndipo ku msonkhano wa zanyengo wa COP27 ku Egypt mu 2022 mayiko anagwirizana zokhazikitsa thumba lolipira zowonongeka ndi nyengo. Ena amaona izi ngati chilungamo, poti utsi wotenthetsa dziko wochokera ku Zambia ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa mayiko olemera. Ena amati ndalama zoterezi zimabwera ndi zofuna za eni ake, ndipo pulojekiti ikatha, galimoto ndi akatswiri zimapita limodzi.

Zimene zikadali pabwalo

Mafunso ena lamulo linayankha papepala, koma pansi pano akadali otseguka. Mapu akasonyeza kuti dera lakuti ndi loopsa, mtengo wa mapuloti ndi nyumba kumeneko utsika tsiku lomwelo. Kodi khonsolo iwaike poyera mapuwo kuti ogula achenjere, kapena iganizire amene chuma chawo chonse chili m'nyumbazo? Ndipo amene anamanga ndi chilolezo chonse zaka 20 zapitazo, nthawi imene malowo sankaonedwa ngati oopsa, akauzidwa kuchoka, chipukuta misozi chichokera m'thumba la yani?

Pali funso la muyeso. Mlatho womangidwa lero udzakhalapo mu 2070. Kuumanga potengera mvula yakale n'kotchipa, koma ukhoza kukokoloka. Kuumanga potengera mvula yoopedwa n'kodula, ndipo ndalama yowonjezerayo ikanamanga mlatho wachiwiri kumudzi wina kumene ana amalephera kuwoloka kupita kusukulu chaka chino. Akatswiri amagwirizana kuti kutentha kukukwera, koma za kuchuluka kwa mvula ya boma limodzi ngati Chipata zaka 40 zikubwerazi, makompyuta awo amapereka mayankho osiyana.

Pali funso la nthawi: pulani ndi ya zaka 10, meya ndi makhansala amasankhidwa zaka zisanu zilizonse, mtengo wa m'phiri umafuna zaka 15 kuti ugwire nthaka, pomwe wowotcha makala akufuna ndalama ya ufa Loweruka lino. Kuletsa makala popanda china chophikira, m'dziko limene magetsi anazima maola ambiri patsiku mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, kodi kungagwire?

Ndipo pali lija la bambo wa pamwamba ndi mayi wa kumunsi. Ngati midzi ya kumtunda kwa Lutembwe isiya kulima m'mphepete mwa mtsinje ndi kudula mitengo kuti damu la anthu a m'tauni lisakwiririke, kodi a m'tauni aziwonjezera kangachepe pa bilu ya madzi kuti a kumtundawo apezepo kanthu? Nanga ndalamayo izilandiridwa ndi mfumu, komiti ya wodi, kapena mwini munda amene wasiya mizere yake isanu yachonde kwambiri kuti pamere bango?